Mpheta mu mpunga wa achemwali

14 Epulo 2014
Ndagona. Chingwe cha zitini zoopsezera mpheta chili m'manja, ine tulo pachisakasa. Podzuka, mpheta bii ngodya yonse ya kungalande. Ngala zangotsala mankhusu. Puloti ya achemwali a Dorica ku Bwanje, mpunga womwe nyumba yonse ikudalira. Iwo okha ndi omwe anandikhulupirira, ena akuti wamisala sangalondere munda.
Mapiritsi a m'mawa aja amandilemetsa zikope. Koma wogona ndine.

15 Epulo
Alamu a Kaliati sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, “Tipeze waganyu, Fagness azikhala pakhomo.” Pakhomo, kuyang'ana nkhuku! Kumunda kokha ndi komwe ndimakuwa popanda wondicheukira, poti aliyense akukuwa.
Piritsi la lero ndaponya m'chimbudzi.

19 Epulo
Osamwabe. Tulo palibe, mpheta siyitera. Koma mawu abwerera, awiri aja omwe ndimamva ndekha, kuseri kwa khutu. “Wadyetsa mpunga. Umangodya za eni.” Ndakoka chingwe mpaka matuza kuti zitini ziwaphimbe. Sizikuwaphimba.
Achemwali andiyamikira kuti ndachangamuka. Ine zyoli.

23 Epulo
Achemwali anandipeza ndikutukwana ngalande. Panjinga mpaka kuchipatala. Ndaulula zonse kwa anamwino a Ireen. Matendawa amati sikizofuleniya. Akuti mawuwa ukamalimbana nawo amakula. Ndizingowamva ngati oitanira minibasi pa Golomoti, osakwera. Ndizipuma pang'onopang'ono, ndizimva mapazi ali pansi. Kenaka anafunsa, “Akanagona a Dorica, mukanawauza chiyani?”
Ndikanati pepani, mwatopa. Kudziuza ndekha pakamwa pakukana.
Tsiku lonse munda wopanda mlonda. Chifukwa cha ine. Kachiwiri.

25 Epulo
Ndamwa piritsi. Ndili pakhomo, waganyu sanapezeke. Ndayesa zopuma zija pansi pa mtengo wa mango. Mphepo pakhosi, nyerere paphazi. Zinayenda pang'ono. Kenaka ndapezeka ndikudzitukwana mawu aja asanayambe n'komwe. Kani ntchito yawo ndimawagwirira ndine.

29 Epulo
Achemwali alimbana ndi alamu, ndabwerera kumunda. Ndinalumbira kuti sindigona. Ndinadzitsina, ndinasamba kumaso m'ngalande. Ndagonabe.
Podzidzimuka, zitini zikulira. Andifunditsa chitenje. Achemwali ali pambali panga, chingwe chili kwa iwo, maso ku mpunga. “M'mawa uzigona, ndizikoka ine. Masana ndi ako. Ine chaka chatha ndinagona pompano, piritsi osalawa.” Akuti alamu sadziwa mpaka lero.
Mawu anayamba, “Wadyetsa...” Ndinawasiya aitanire. Dzanja pachifuwa, mpweya kulowa, kutuluka. “Pepa, Fagi. Watopa.” Zinatuluka mokweza, achemwali anamva. Sanaseke. Angondipatsa chingwe.
Ngodya ija siyibwerera. Kwatsalako ndi kwakukulu, ndipo mpunga wayamba kucha.