Fodya wanyowa ine ndili pa kompyuta

Lachinayi, mwezi wa Malichi, kwathu ku Lisasadzi

Lero ndimayenera kusangalala, koma mtima sukundipatsa mtendere.

Chibwerereni kutchuthi ndakhala ndikulimbana ndi ntchito ya digiri yanga, yoyerekezera pa kompyuta mmene thanki yaikulu yophikiramo pulasitiki yotchedwa poliyesitala imagwirira ntchito kufakitale. Kutentha kukachepa, pulasitiki imatuluka yosalimba. Kukapyola, imasanduka yachikasu. Masana ano manambala anayamba kugwirizana, mlingo woyenera wa kutenthako n'kuyamba kuoneka.

Nthawi yomweyo chimphepo chinasasula denga la chigafa, mvula ili pafupi. Amayi anakuwa: "Tiyamike, thamanga tidzachotse fodya!" Ndinayankha kuti ndikubwera. Batire inali itatsala pang'ono kutha, ndipo ndinaopa kuti ikazima kompyuta isanamalize kuwerengera, zonse zitayika. Ndinakhalabe pampando.

Pamene ndimatuluka, fodya wa mbali ya kum'mawa anali atanyowa yense. Abambo, ndi chifuwa chawo chija, anali padenga akukoka udzu, malaya atamatirira kumsana. Amayi akuti masamba amenewo ada, ndipo ku okushoni sakawayang'ana n'komwe.

Palibe wandikalipira, ndiye zikundiwawa kwambiri. Madzulo abambo andifunsa uku akutsokomola: "Nanga zamakina zija zatheka, mama?" Ndati zatheka. Amwetulira, n'kutembenukira kwa amayi: "Mwamva? Mwana wakhoza."

Zotsatirazo sindinazitumizebe kwa aphunzitsi. Abambo akutsokomolabe kuchipinda. Mawa ndiwapempha tipite kuchipatala, koma ndikuwadziwa, anena kuti fodya kaye...