Adokotala Afunsa za Iwe

Mng'ono wanga,

Mapasa ali bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, koma mtima suli m'malo. Ndikungozungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira.

Majakisoni okhwimitsa mazira aja, oti nditenge pakati, ndadzibaya mpaka pamimba ponse mabala. Akandiunika amapeza timazira tiwiri basi. Anawonjezera mankhwala, chimodzimodzi. Anasintha ena, chimodzimodzinso. Alamu ako amangoti tisataye mtima, koma maso awo atopa.

Dzulo adokotala anaika cholembera pansi n'kundifunsa ngati ndili ndi mng'ono amene anaberekapo. Akuti mazira a m'bale amathandiza, akhoza kuwatenga n'kuwaika mwa ine. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Sindinakupemphe kanthu, wamva? Usathamangire kuyankha. Ungondiuza ngati nsapato ndinatumiza zija zinawakwana anawo.

Ndine mkulu wako.