Mkwatibwi Saseka

Mande, 4 Ogasiti

Ba Ketty, alangizi bamene ba Mami bananipezela ku tchalitchi, babwela futi. Mau monga wailesi ya mu minibasi. Gwada, ima, gwada. Maondo yanga yanapilila gilaundi ya bola ya miyala ku Kalikiliki, lelo yatupa chifukwa chopeleka madzi kwa mwamuna. Mwamuna wake unali mpando wa pulasitiki. Beve ba Ketty bamuna bao banathawila ku Chawama kudala, Mtendere yonse iziba. Koma ndiye baphunzitsi ba ukwati. Ase.

Chitatu, 6 Ogasiti

Ba Dixon, bamene bafuna kunikwatila. Kuliza hutala pa geti kuti maneba bonse basuzumile motoka. Mimba patsogolo, makiyi pa chala. Banibweletsela chitenge cha kitcheni pate, phwando la bazimai lolangiza mkwatibwi, mtundu basankha beka. Ati ukwati ukapita va bola vasila, mkazi wa dikoni savala kabudula pamaso pa banthu. Banakamba uku batokosa m'mano.

Ba Mami ati nili na mwai, Eneless, nyumba ya mpanda, madzi ya mukati. Kansi nikwatiwa na pompi?

Chisanu, 8 Ogasiti

Monde, goloyi wathu, wanipeza nichapa. Ati kochi wa timu ija ya ku Kitwe wafunsa futi za ine. Bayesa maplaya pa Sondo 17. Basi ya ku Kitwe ni pa Chiwelu kuseni, tsiku lomwelo la kitcheni pate yanga. Malipilo yang'ono, kugona banai mu chipinda chimodzi, ndipo bangathe kunikana. Vonse niziba. Koma mtima myaa, monga nachinyisa kale.

Nsapato za bola nabisa mu saka ya malasha. Ba Mami bafuna kupatsa mwana wa ba ankolo.

Chibili, 12 Ogasiti

Phunzilo la lelo: mkwatibwi saseka. Bakakuvundukula chitenge, mutu pansi, mano mukati, olo bazimai bavine bwanji. Ukaseka ndiye kuti ulibe mwambo, wamufunisitsa mwamuna.

Ba Ketty banamanga chitenge m'chiuno kuti baniyese. Kuvina, kugwedeza, kunitulutsila lilime. Ba anti bonse kugwa na nseko. Ine zii.

"Pa bana bonse naphunzitsa, uyu ndiye wagwila. Onani nkhope, monga ali pa malilo."

Manja. Ba Mami nthungululu. Vipuba, vonse pamodzi. Palibe olo mmodzi anafunsa kuti nagwila bwanji msanga so. Sininaphunzile kanthu ine. Nkhope ni yomweyi kuchokela tsiku banthu ba ba Dixon banabweletsa mbale zonifunsila.

Nalilila ku bafa, mokwiya. Nizonda kulila.

Chisanu, 15 Ogasiti

Pa yadi mapoto yobweleka, nkhuku, ba anti ba ku Katete bapikisana kuniuza kupilila. Uyu banamuthyola dzino, uja banamubweletsela mwana wa kunja, bonse banyadila monga ni mamendulo. Ati chimwemwe ni va pa foni, ukwati ni kulimba. Limbani mweka.

Chonibaba ni ba Mami chabe. Bayimba uku basita chitenge chao. Sininabaonepo so kuchokela pamene ba Dadi banamwalila. Mailo nikathawa bazayenda bwanji pa mseu? Nibakonda, zoona. Bazanizonda chaka, kapena vibili. Ine ningazizonde mpaka kumanda.

Chiwelu, 16 Ogasiti

Mu basi. Tapita Kabwe. Foni nazima, inalila mpaka kupya. Chitenge cha ba Dixon namangilamo nsapato, zinali na malasha.

Manje apa bazimai bafika, ng'oma zayamba, ba Ketty basakila mwana wao wanzelu. Mantha niliko nayo, kaya mailo miyendo izanimvela.

Monde wanigunda na chigongono, ati leka kuseka weka monga wofunta, banthu bayang'ana. Masaya yababa. Nayesa mutu pansi, mano mukati, monga bananiphunzitsa.

Vakanga.