Sipika Yakumanja ya Oswell

Rufunsa Boma,
Lachitatu, 12 Juni

Kwa alamu anga ba Luckson, ku Shikabeta,

Ine Jessy, mphunzitsi wa sekondale, mwini digiri imene inu munadyera mpunga mbale zitatu pa tsiku la chikondwerero chake, ndikupereka dandaulo ili ndi ulemu wonse umene wanditsalira. Pabalaza panga, kudzanja lamanja la windo, pali kamalo ka makona anayi kamene polishi yofiira sinafikepo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndapaka, ndakwecha, ndagwada ngati wolapa machimo, koma kakukana kufanana ndi pansi ponse. Alendo akalowa, maso awo amagwera pomwepo asanandipatse moni. Wolakwa ndinu, chifukwa chimene chinkaima pamenepo munachinyamula ndinu.

Moni ndauika pambuyo dala kuti mudziwe kuti ndakwiya. Muli bwanji kumeneko? Amake Kindness mwendo uja unaphwa? Ndamva kuti anyani akuthandizani kukolola chaka chino osapemphedwa. Ine ndilipo. Ndimadya, ndimapita kuntchito, ana a giredi 11 akupitiriza kupha Chingerezi pamaso panga. Anthu amati ndachira chifukwa ndayambanso kulalata.

Kalatayi ndapatsira ba Bornface, oyendetsa lole ija yodzagula makala kwanuko, popeza foni yanu imagwira pokhapokha mutakwera pachulu. Ndi iwo amene andiuza nkhani yondilembetsayi. Akuti sipika ya malemu mkulu wanu mwaitembenuza mbali zonse. Pomangira batire palibe, polowetsa memori kadi palibe, ndiye mwagamula kuti ndi yakufa. Akuti mukangomaliza kukolola muitsegula, muchotse zozungulira zotulutsa mawu zija, muzimangirire kukamwa kwa ndowa monga amachitira pa shabini, ndipo m'bokosimo muziikiramo nkhuku. Ba Bornface ankasimba akuseka. Ine ndinangokhala pansi pa khonde la sitolo.

Alamu, sipika imeneyo si yakufa. Payokha siyankhula, ndi mmene inapangidwira. Imafuna ampu yoipatsa mphamvu, ndipo imafuna inzake. Zonse ziwirizo zili kuno.

Tsiku logawa katundu wa Oswell munalipo, koma ndikukumbutseni mmene ine ndinalionera. Sindinganame, simunandilande. Akazi anzanga ambiri amatsala ndi mphasa, ine munandisiyira nyumba yodzaza. Amalume anu a Nason anayendetsa zonse mwachilungamo: masuti uku, nsapato uku, njinga uku. Atafika pa masipika anandifunsa maganizo anga. Ndinayankha mokweza kuti atenge onse awiri, chifukwa ndakhala pa mitala ndi matabwa amenewa zaka zokwanira. Anthu anaseka, pamaliro pomwe, ndipo ine ndinamva bwino kuti ndaseketsa anthu.

Amalume, munthu amene wagawa ng'ombe ndi mbuzi za amalemu moyo wake wonse, anati zinthu zikakhala ziwiri sizipita mbali imodzi. Imodzi kwa mkazi, imodzi kwa abale. Onse anayamikira nzeru imeneyo. Inenso, ndi digiri yanga, ndinaomba m'manja.

Mukudziwa mmene masipikawo analowera m'nyumba muno. Ine ndinkayembekeza firiji. Oswell anatsika basi ya ku Lusaka ndi makatoni awiri, atawakhazika pampando wake, iye ataimirira kuchokera ku Chongwe. Atatsegula, ndinaona timabokosi toonda, tofika m'chiuno mwanga. Ndinamuuza kuti munthu wosinthanitsa firiji ndi phokoso akanagula lomveka mpaka ku Chinyunyu, kuti anthu adziwe chimene tikumwera madzi otentha. Anayankha mofatsa kuti awa si okuwa, ndi omvetsera.

Anayeza ndi chingwe kuchokera kukhoma. Anayezanso pakati pa awiriwo. Mpando wake anauika pakatikati, ndipo wousuntha posesa ankakhala ngati wasuntha malire a munda. Nsalu yoluka pamwamba anakana, maluwa anakana. Ankati ukakhala pampandowo n'kutseka maso, woimba amaima patsogolo pako, pakati, pamene palibe bokosi. Ine ndinkati zoona anthu pamalo popanda anthu tizisiyire abusa a m'matenti a m'mbali mwa msewu.

Luckson, za "inu" ndazisiya apa. Unakhala m'nyumba muno zaka ziwiri, ukundidziwa pakamwa panga. Zimene ndikulemba tsopano sindinauze munthu, ngakhale amayi anga.

Pampando umenewo sindinakhalepo ngakhale kamodzi iye ali moyo. Poyamba unali mkwiyo wa firiji. Mkwiyo utatha, unasanduka mwambo wa m'nyumba: iye aitane, ine ndikane ndi mawu okometsera, tonse tiseke. Ndinkaganiza kuti tonse tikuseka.

Loweruka lomaliza asanapite kuchipatala, masana, ndinali patebulo ndi mapepala a mayeso. Anali ataonda kale, mapazi atatupa. Anandiitana kuchokera pabalaza.

"Jessy, bwera ukhale pakati pano. Mphindi zitatu chabe."

Ndinamuyankha kuti akazi ake awiriwo amukwanira, wachitatu ali pantchito ya boma. Sanaitanenso. Ndinamva akuzimitsa ampu. Lolemba tinamunyamula kupita ku Lusaka, ndipo zotsatira zake ukuzidziwa, bokosi la maliro unanyamula nawo.

Miyezi isanu ndi itatu sindinakhudze chilichonse pakona imeneyo. Mwezi wathawu, tsiku lina malaiti atabwera masana, ndinati ndiyatse ndione ngati zikugwirabe, mwina ndipatse a kutchalitchi. M'makina oimbira munali chimbale, chomwe chija anasiya Loweruka lija. Chinali cha kwaya yathu ya ophunzira, imene tinajambulitsa ku Lusaka tisanakwatirane. Ine ndinkadziwa kuti chinatayika kalekale. Kumene anachipeza sindikudziwa, ndipo wondiuza palibe.

Pa chimbalecho pali nyimbo imodzi imene kwaya yonse imakhala chete, n'kutsala anthu awiri. Woyambitsa ndine, wovomera m'mawu a besi ndi mkulu wako. Wojambula uja anatiimika wina uku wina uku, ndipo mawu athu anawaika momwemo: anga kumanzere, a Oswell kumanja. Nyimboyo ndi ya mphindi zitatu. Ndinayang'ana pa wotchi.

Amalume anandisiyira yakumanzere.

Ndinakhala pampando uja, ndipo ndinamva mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri akuyambitsa nyimbo molimba mtima, ngati munthu wodziwa kuti ayankhidwa. Amaimba mzere wake, n'kudikira. Pamene payenera kubwera Oswell pamangomveka kakung'ung'udza kakutali, ngati munthu ali kuseri kwa phiri. Mtsikanayo amayambitsanso. Sadziwa kanthu, wopusayo.

Usaganize kuti sukulu inapita pachabe. Ndinagwada kuseri kwa ampu, ndinamasula waya ndi kumumanga mbali yakumanja. Oswell anatuluka, Luckson. Mawu ake enieni, ndi kupuma kwake komwe asanayambe mzere. Ndinagwira bokosilo ndi manja awiri, linkanjenjemera ngati chifuwa. Koma tsopano wosowa ndinali ine. Iye amavomera, amavomera, kuyankha munthu amene kulibe. Sindikudziwa chopweteka kwambiri ndi chiti. Ndakhala ndikusinthasintha wayayo mpaka nsonga yake yayamba kuthothoka.

Ndinapita kwa Jordan, wokonza mawailesi pamsika, kukafunsa ngati mawaya onse awiri angalowe m'sipika imodzi. Anati ndikatero ampu ipsa, ndipo ya mtundu umenewu sangaikonze iye. Mwachifundo anandibwereka chisipika chake cha pa maukwati, chachikulu ngati thanki. Tinachilumikiza kumanja. Mkulu wako anamveka ngati chidakwa chikukuwa mu diramu, mawu anga n'kumira pansi pake. Oswell sanandikuwirepo moyo wake wonse, sindingalole kuti ayambe ali m'manda. Ndinachibweza tsiku lomwelo. Jordan anati masipika amenewa amapangidwa awiriawiri, ofanana mawu, ndipo mnzake wa iyi sindidzamupeza pamsika uliwonse wa m'njira muno.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Chogawidwa pamaliro sichibwerera. Zikamveka kuti mkazi wa Oswell akulondola katundu kwa abale, adzati ndayamba ndi sipika, mawa ndifuna njinga, ndipo amalume adzati ndanyoza chigamulo chawo pamaso pa mudzi. Adzakumbukiranso amene anati atenge onse awiri, ndipo sadzalakwa. N'chifukwa chake sindinapite kwa amalume. Ndabwera kwa iwe, mobisa, ngati wakuba, kudzapempha chinthu chimene ndinachitaya ndekha anthu akuseka.

Kumudzi unene kuti yapita ku boma kukakonzedwa. Si bodza lalikulu. Zinthu zopita kukakonzedwa ku Rufunsa sizibwerako, aliyense akudziwa. M'malo mwake ndapatsira ba Bornface wailesi ya sola, yolowa memori kadi, yokuwa mokwanira kuthamangitsa anyani. Imeneyo ndiyo unkafuna poyamba pomwe.

Usaitsegule, ndapota nawe. Ngakhale sikulu imodzi usamasule. Uichotse padothi, chiswe sichidziwa za maliro. Uikulunge m'bulangete, osati m'saka la makala, ndipo ikwere kutsogolo ndi dalaivala, itaimirira. Ba Bornface abwerera kuno Lachiwiri.

Sindikuyembekeza zodabwitsa. Sindikuganiza kuti ndikatseka maso adzaimadi pakati paja. Ndikungofuna kumva chimene anandiitanira, momwe iye anachimvera, kamodzi. Anandipempha mphindi zitatu, ndipo ndakhala nazo miyezi isanu ndi inayi osadziwa kozipereka.

Undiperekere moni kwa amake Kindness ndi ana onse. Amalume a Nason uwapatse moni waulemu, koma kalatayi asaione. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mvula yabwino chaka chamawa.

Chatsala ndi chipepeso, ndipo apa ndabwerera ku "inu", chifukwa ndi nkhani ya mlandu. Ngati kalatayi yakupezani mutatsegula kale bokosilo, musanditumizire nkhuku, musanditumizire mbuzi, musabwere ndi amalume kudzapepesa. Anthu onse amati mawu anu ndi a mkulu wanu, kungoti inu mumawawonongera pa mpira. Mudzabwera nokha, mutasamba. Mudzaima pabalaza panga kumanja kwa windo, manja m'mbali, osayenda, osatsokomola, osapempha tiyi, Loweruka lililonse masana mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe. Mtsikana uja akayambitsa, inu muzivomera.

Ndine mlamu wanu,
Jessy