Matsenga a M'buku Afika M'chigafa

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko pamodzi ndi bambo a ana. Kuno kwa Chulu tadzuka, kupatula bondo langa lija.

Nkhani ndi ya buku la mafumu ndi matsenga lomwe unatumizira mwana wako Tiyamike. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, anayamba kukangana ndi msuweni wake Yohane. Tiyamike amati mphamvu za mfiti ya m'bukumo n'zobadwa nazo. Yohane amati ayi, munthu amachita kugula ndi moyo wa m'bale wake. Anabanda, amene amatithandiza kusoka, anaika singano pansi n'kunena kuti, "Anthuni, kani fodya wakoma chaka chinoyu nkhani yake ndi imeneyi?" Anachoka osatsanzika.

Pofika Lamulungu mphekesera inali itafala kuti fodya wathu ndi wamatsenga, ndipo kutchalitchi anthu atatu okha ndi amene anandipatsa moni. Ndinawawerenga. Tiyamike amuimitsa kukwaya mpaka akulu a mpingo atamufunsa.

Ndinavala magalasi n'kuwerenga buku lonselo kuti ndikamuyankhire. Ndi nthano chabe, ndipo ndikanena zimenezo pamaso pa onse. Koma ana awiriwa akulakwitsa. Woopsa m'menemo si mfitiyo ayi, ndi mlangizi wina wa mfumu, womwetuliramwetulira. Munthu wosekerera aliyense ngati Anabanda ine sindimukhulupirira.

Utumize mankhwala opaka pabondo ndi buku lachiwiri, koma paphukusipo ulembe dzina langa, osati la mwanayu. Ndikufuna ndione tsiku limene mlangiziyo adzagwidwe.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mayi ako.