Zimene Laputopu ya Jailosi Inkakumbukira

Lamulungu, 20 Okutobala 2024

Potuluka m'tchalitchi a Zikani, apampando a kalabu yathu ya mtedza, andiitanira pambali. Akuti a bungwe lotipatsa mbewu adzatseka kalembera wa mbewu Lachisanu 4 koloko masana, ndipo amene dzina lake silidzapezeka m'kompyuta asadzavutike n'kubwera ndi thumba. Tilipo 63. Mtedza wa chaka chatha unapserera ndi ng'amba, wotsalawo tinakazinga kalekale, ndiye mbewu ndi yomweyi basi. Ndawauza kuti asade nkhawa, ndi ntchito ya ola limodzi. Pakamwa pangapa.

Ulembiwu sindinaupemphe ine. Unali wa mwamuna wanga Jailosi. Atamwalira mu Febuluwale, abale ake anagawana zovala, njinga ndi foni, koma laputopu anaisiya poti ndi ya kalabu. Anthu anangoti, ili kale m'nyumba mwanu, komanso ndinu aphunzitsi, pitirizani.

Lolemba, 21 Okutobala

Nditaweruka ndalowetsa mayina onse 63, ndi manambala a ziphaso omwe. Podina kuti apite, pulogalamu yakana. Ikuti iyi ndi 2.1, inatha ntchito, tengani 2.4 pa tsamba la bungwe.

Chabwino. Ndanyamula laputopu kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ya sitandade 8, pomwe netiweki imatichitirako chifundo. Tsamba latseguka lokha ngati masiku onse, dzina la J., Jailosi wanga, lili pakona. Ndadina dawunilodi. Fayilo yabwera ndisanaphethire n'komwe, mpaka ndati lero netiweki yadya chiyani. Ndaiika, ndaitsegula: 2.1.

Ndabwereza. Kalembera (1), kalembera (2), kalembera (3). Zonse mapasa, zonse 2.1. Batire yatha, ndabwerera kunyumba mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki ya kumudzi kuno, ndiye ndakwera kabaza mpaka pa Nsaru. Fumbi lokhalokha. Kumeneko foni yadzaza timizere tonse ta netiweki, koma fayilo ndi yomwe ija. Tafika pa (8).

Pamela wa pa shopu yosindikiza mapepala wati tiyese pa kompyuta yake. Tsamba lafunsa pasiwedi. Ndati sindiidziwa. Wafunsa kuti nanga mumalowa bwanji? Ndati imangotseguka yokha chichokereni amuna anga. Wandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndimagona osakhoma chitseko, kenako wapitiriza kusindikiza makadi a ukwati wa eni ake.

Eric, mlangizi wa bungwe, sakuyankha. Kasanu konse.

Lachitatu, 23 Okutobala

Eric wayankha, ali pa njinga yamoto kwinakwake ku Nambuma, mphepo ikumeza mawu. Akuti makalabu ena onse anatenga 2.4 sabata yatha, vuto ndi bulawuza yangayi, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Imasunga zimene inatengapo kale m'kankhokwe kake kotchedwa kashe. Poti a bungwe sanasinthe dzina la fayilo, ikamva dzina lomwelo siipitanso kukatenga yatsopano, imangotapa m'nkhokwemo n'kundipatsa yakale. Ndiye masiku awiri onsewa ndakhala ndikupempha chinthu kwa waulesi amene sanadzuke n'komwe pampando.

Akuti ndichotse kasheyo. Wandiuza kodina, ndalemba padzanja. Amanenanso zina za timabokosi, koma foni yaduka.

Sindinachotse. Ndatsegula pamalopo, ndaona mawu oti kufufuta, ndatseka.

Zoona zake n'zakuti pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndikalemba chilembo cha m pa kamzere kofufuzira ka pamwamba pa bulawuza, pamatsika zimene J. ankafufuza. Mtengo wa mtedza ku Lilongwe. Mankhwala a BP. Mphatso ya mkazi zaka 20 za ukwati. Chomalizachi ndinachipeza mu Meyi, zaka makumi awirizo zitakwana mu Epulo ndili ndekha. Sindidziwa kuti anapeza chiyani, munthu amene sanandigulirepo ngakhale mpango popanda kumukumbutsa. Ndimalemba m ameneyo pafupifupi tsiku lililonse. Ndamusowa, ndipo ndikuopa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ku Chigwirizano lero mapemphero anali a mvula, koma maso onse anali pa ine. Mayi Anne a m'kalabu mwathu andigwira dzanja potuluka, akuti ekala yonse anaunga kale mizere, akungodikira mbewu. Wina kumbuyo amanong'ona, mokweza dala, kuti nthawi ya malemu zinthu zinkayenda.

Ndapita pa mango paja ndi yunifolomu yomwe. Ndadziuza ndekha kuti iwe Febe, anthu 63 sangagone ndi njala chifukwa cha kachilembo kamodzi. Ndatsegula. Timabokosi tambirimbiri, tina tochonga kale, tina ayi. Kakuti kashe ndakaona ndithu. Koma ine ndi uja ndimabweza kalasi yonse kuti isesenso chifukwa cha kachipepala kamodzi pansi pa desiki. Ndati kakale kangabisale kwina, ndiye ndachonga tonse. Nthawi, ndasankha chiyambire. Ndadina.

Tsamba lodawunilodera linali chitsegukire, ndipo ulendo uno fayilo yabwera pang'onopang'ono, mphindi makumi anayi, ine ndikuitchinga dzuwa ndi chitenje. Ndaiika. 2.4! Ndaimba nthungululu ndekhandekha, mbuzi zikundiyang'ana. Mayina onse 63 alimo.

Ndadina kuti apite. Yafunsa dzina ndi pasiwedi.

Ndabwerera pa tsamba. Pakona palibenso J. Timabokosi tiwiri topanda kanthu. Ndayesa dzina langa, la mwana wathu Tawonga, tsiku la ukwati, Salimo 23, timu yake ya mpira. Yati ndayesa kambiri, ndidikire.

Lachisanu, 25 Okutobala

Kusukulu ndanama kuti ndili ndi malungo.

Eric wangoti ayi mayi, ndinati kabokosi kamodzi. Mwina anaterodi, mphepo ija. Akuti pasiwedi yatsopano imatheka, koma khodi yake imapita ku nambala yomwe inalembetsedwa. Kusintha nambala kumafuna kalata ya komiti yonse, ipite ku ofesi ku tauni, masabata awiri. Ndamupempha kuti ndimuwerengere mayinawo pafoni alembe yekha. Akuti kalabu iliyonse imatumiza ndi akaunti yake, iye alibe khomo lolowera. Wapepesa, ndipo ndamva kuti akupepesa zenizeni.

Nambala yolembetsedwa ndi ya J.

Ndaimbira alamu anga a Jonas ku Chiwamba, amene anatenga foni ija. Chiikireni maliro sitinalankhulane. Moni tapatsana wautali, wa ana, wa mvula, wa nkhuku. Nditafika pa nkhani, ati simu anaichotsa tsiku lomwelo, ankangofuna foni. Komwe anaiponya sakukumbuka.

Cha m'ma 2 koloko ndachita chimene sindinachitepo miyezi isanu ndi itatu. Ndaimba nambala yake. M'foni mwanga idakalembedwa Bambo a Tawonga. Ndimayembekezera kumva kuti siikupezeka.

Yaitana.

Wayankha ndi mayi wina, mwana akulira pambali. Akuti nambalayi anaigula yatsopano mwezi watha. Ndafotokoza zonse mwaulemu, za kalabu, za maliro, za mbewu. Amamvetsera bwinobwino, mpaka ati pepani. Ndadina kuti khodi ipite, ndipo ndamva foni yawo ikulira kuti yafika.

"Mayi, chonde ndiwerengereni manambala asanu ndi limodzi amene abwerawo."

Mawu a mayi aja asintha nthawi yomweyo.

"Ndiye mwafika pamenepa, eti? Mwayamba bwino ndi maliro. Anatichenjeza kale za inu akuba a pafoni. Muchite manyazi, munthu wamkulu."

Adula. Ndaimbanso, osayankha. Kachitatu, andibuloka. Sindingawanene. Sabata yatha yomweyi ndinaphunzitsa amayi ku Chigwirizano kuti khodi sapatsa munthu, ngakhale alire bwanji.

4 koloko yandipeza pakhonde, laputopu pamiyendo. 2.4 yatsopano, yoyera bwino, mayina 63 ali pamzere ngati ana pa asembule. Ndatsegula bulawuza, ndalemba m. Sipanatsike kanthu. Ndafufuta, ndalembanso.

Njinga ya a Zikani yaima pa mpanda, ndaidziwa kulira kwa tcheni. Sali okha. Ndikumva mawu a mayi Anne akufunsa ngati thumba limodzi likwane kapena abweretse awiri.

Aodira kawiri tsopano.