Dzina Langa pa Mzere wa Tchuthi

Mangochi
12 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mchinji. Ine kuno kukampu ndili bwino, kungoti mwera wa chaka chino ukutisautsa tikalowa panyanja ndi boti.

Thumba la mtedza lija ndinalandira, pamodzi ndi uthenga wanu woti ndikapatse a Sajeni kuti andimasule ndibwere ku ukwati wa Monalisa. Musakwiye Amayi, mtedzawo tinakazinga n'kudya gulu lonse. A Sajeni Oscar nawonso anatapako, ndipo akuti mumalima bwino.

Nzeru yanuyo inkagwira ntchito kale. Msilikali wofuna tchuthi ankayamba wadzera ku Nkope kukagula chambo, n'kukagogoda kwa a Sajeni chakukhitchini. Wopanda chambo ankangomva zoti "tiona" mpaka chaka kutha. Palibe ankati ndi ziphuphu, tonse tinkati ndi ulemu.

Tsopano akuluakulu anabweretsa dongosolo la pakompyuta, ndipo amene anamusankha kukaliphunzira n'kumaliyendetsa ndi mwana wanu yemweyu. Aliyense amapempha tchuthi pafoni pake. Makina amaona amene wakhalitsa osapita kwawo n'kumuika patsogolo, ndipo mzere wonse amauona aliyense, kuyambira wophika mpaka a Kaputeni. Poyamba anthu ankandinena, eti kamtsikana ka kompyuta kathetsa ndiwo kunyumba kwa a Sajeni.

Sabata ya ukwati yagwera Bilal, mnzathu wa ku Nkhotakota. Mwana wake wayamba kukwawa bambo ake akungomuonera pafoni. Ine ndili pambuyo pake, ndiye ku ukwati sindibwera.

Pasiwedi yosinthira mzerewo ndili nayo ine. Tsiku lina a Sajeni anandipeza muofesi ndikuyang'anitsitsa dzina langa.

"Kopolo, ungosinthanitsa mayina awiriwo," anatero. "Adziwa ndani? Mng'ono wako sakwatiwa kawiri."

"Bwana, ndikasuntha langa lero, mawa chambo chiyambiranso."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaseka. "Ndimafuna ndione ngati nanenso ndingapemphe kuti undisunthire langa. Basi, ndidikira tchuthi changa cha Novembala."

Atatuluka ndinalira, Amayi, sindibisa. Koma mawa lake Bilal anabwera kudzandifunsa ngati makinawo sanalakwitse, poti iye sanapereke kanthu kwa munthu aliyense. Nditamuuza kuti akonze chikwama, ndinanyada kuposa tsiku lija munabwera kudzandionerera pa perete.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a kumpingo. Monalisa mumuuze kuti mtima wanga ukuwawa, ndipo nsalu yanga ya ukwati andisungire, ndidzasoketsabe ndikabwera mu Okutobala. Anthu akadzafunsa kuti mkulu wake ali kuti, chonde musadzanene kuti akuntchito anamukaniza. Mudzawauze kuti akanatha kubwera, koma anadikira nthawi yake ngati msilikali wina aliyense.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Kopolo Ndaona